Mthenga Wabwino wa Lamulungu pakhomo: njira zisanu, ndi iti ingakhalitse m'banja mwanu

Tsiku lobatizitsa mwana, wansembe amatifunsa ngati tikumvetsa udindo womulera m'chikhulupiriro, ndipo tonse timavomera mokweza, kandulo ili m'manja. Zaka zikamapita, ambirife udindo uja timautula mwakachetechete kwa akatekisiti ndi aphunzitsi a Tilitonse (maphunziro a chikhulupiriro a ana kutchalitchi), ife n'kutsala ndi ntchito yosita zovala za Lamulungu ndi kupatsa ana ya chopereka. Inenso ndinali wotero mpaka tsiku lina tikuchokera ku Misa, pamene ndinafunsa mwana wanga wachisamba kuti Mthenga Wabwino wa lero umati chiyani. Anandiyankha kuti, "Amayi, kwaya inaimba bwino." Ndinafuna kumukalipira, koma nditadzifunsa mumtima ndinapeza kuti nanenso ndangotola mutu wokha.

Chiyambire tsiku limenelo, banja lathu layesa njira zingapo zokhalira pamodzi pa Mthenga Wabwino kamodzi pa sabata. Zina zinakhalitsa, zina zinafa mwezi usanathe. Ndikulembera makolo amene atsimikiza mtima kuti ayamba, koma akusowa poyambira.

Chotipepukitsira ntchito n'chakuti powerenga sitisankha tokha. Mpingo unayala kale mawerengo a Lamulungu m'zaka zitatu: Chaka A timayenda ndi Mateyu, Chaka B ndi Marko, Chaka C ndi Luka, ndipo Yohane amamveka kwambiri m'nyengo ya Lenti ndi ya Pasaka. Chaka cha Mpingo chimayamba Lamulungu loyamba la Adiventi. Chimene chinayamba pa 30 Novembala 2025 ndi Chaka A. Ndiye kuti mwana amene mwayamba naye ali Sitandade 3, pofika Sitandade 6 adzakhala atayenda ndi alembi onse anayi, inu osakhala pansi n'kumakonza silabasi.

Miyeso yoyezera

Njira iliyonse ndaiyeza pa zinthu zinayi. Choyamba ndi mtengo, ndipo mtengo si ndalama zokha: ola limodzi la Loweruka madzulo kwa mayi wogulitsa pamsika ndi lodula kuposa mabatire. Chachiwiri ndi kupezeka: kodi njirayo ilipo kumene mukukhala, ndipo ili m'chiyankhulo chimene ana amamva? Chachitatu ndi kusamalira, kutanthauza chimene chimafunika kuti ipitirire. Apa ndi pamene njira zambiri zimagwera. Sabata yabwino aliyense amakwanitsa. Funso ndi lakuti kodi njirayo ipulumuka sabata ya maliro, ya mayeso, yopalira kapena yothima magetsi? Chachinayi ndi zoopsa zake, chifukwa ngakhale chinthu choyera chimatha kuvulaza mwana chikagwiridwa molakwika.

Pamwamba pa zinayi zimenezi ndili ndi funso limodzi limene ndimaliona lalikulu: kodi mwana akutsegula pakamwa, kapena akungomvera? Ana athu amamvera kale kusukulu, kutchalitchi ndi pakhomo. Malo amene amafunsidwa kuti "iwe wamva chiyani?" ndi ochepa kwambiri.

1. Kuwerenga Baibulo pakhomo Loweruka madzulo

Iyi ndi njira imene ife tinakhazikikapo, ndipo sindibisa kuti ndimaikonda. Tikatha kudya nsima, mbale zisanatsukidwe, timayala mkeka, wina n'kuyatsa kandulo. Timatsata mwachidule masitepe 7 ogawana Mawu amene anachokera ku bungwe la Mpingo la Lumko ku South Africa, omwe ambiri timawadziwira kumphakati (kagulu ka akhristu oyandikana nyumba opemphera pamodzi): kuitana Ambuye, kuwerenga, aliyense kutchula liwu kapena chiganizo chimene chamukhudza, kukhala chete, kugawana, kugwirizana chochita sabata imeneyo, ndi kupemphera. Kwa ana aang'ono chete wa mphindi imodzi ndi wokwanira. Zonse pamodzi sizipitirira mphindi 20.

Seputembala wina tinawerenga Mateyu 20, za mwini munda amene analemba aganyu m'mamawa, ena 9 koloko, ena masana, ena 3 koloko, ena 5 koloko madzulo, n'kuwalipira onse mofanana. Masiku amenewo pakhomo pathu panali anyamata oumba njerwa, ndiye ana nkhani ya ganyu ankaiona ndi maso. Mnyamata wathu wa zaka 11 anakwiya ndithu. "Adadi, zimenezo n'zokondera. Ine ndikanasiya ntchito." Bambo ake anafuna kumuwongolera, ndinawagwira mkono. Patapita kanthawi mlongo wake wamng'ono anabwereza mawu a aganyu omaliza aja, akuti palibe amene anawalemba, n'kufunsa kuti, "Nanga akanawapatsa zochepa, ana awo akanadya chiyani?" Palibe anayankha. M'mawa mwake ku Misa, wansembe atangoyamba kuwerenga, awiriwo anagundana zigongono. Ubwino wa Loweruka ndi umenewo: mwana amalowa m'tchalitchi nkhani akuidziwa kale, ndipo amatchera khutu kuti amve ngati abambo mfumu agwirizane naye.

Mtengo: Baibulo limodzi, logula kamodzi. Mitengo ya mabuku inakwera kwambiri kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero kwa mabanja ena si kanthu kochepa, koma buku losamalidwa limafika kwa adzukulu. Kuwonjezera apo ndi kandulo kapena tochi basi.

Kupezeka: M'Chichewa muli Buku Lopatulika la 1922, Malembo Oyera amene Akatolika anatulutsa mu 1966, ndi Buku Loyera la 1998 limene mipingo inamasulira mogwirizana. Chichewa cha Buku Loyera ana amachimva msanga. Pogula, funsani lokhala ndi mabuku onse 73, kuphatikizapo Tobiti ndi Yuditi, chifukwa mawerengo oyamba a Misa nthawi zina amachokera m'menemo. Koma ngati m'nyumba muli Buku Lopatulika lokha, musadikire. Mateyu, Marko, Luka ndi Yohane ali m'Baibulo lililonse. Chosowa kawirikawiri si buku ayi, koma kudziwa mutu ndi ndime za sabata imeneyo. Kalendala ya Mpingo imathandiza, apo ayi funsani akatekisiti akulembereni mawerengo a mwezi wonse papepala, mulimate kuchikuto.

Kusamalira: Apa ndiye pali ntchito. Palibe belu limene lidzakuitaneni, palibe wapampando wodzakufunsani chifukwa chake mwajomba. Zonse zili paphewa la kholo limodzi lotopa. Ife zinatiyendera titagawa maudindo: wina woyala mkeka, wina wowerenga, wina wotseka ndi pemphero, ndipo amasinthana. Mwana amene ili sabata yake yowerenga salola kuti tiiwale. Tinagwirizananso kuti sabata yovuta tiziwerenga kokha, n'kunena Atate Athu, mphindi zisanu. Kachidutswa kameneko ndi kamene kanasunga mwambowu chaka chimene tinali ndi matenda pakhomo.

Zoopsa: Chachikulu ndi kusandutsa Mthenga Wabwino chikwapu. Ndinachitapo. Tinawerenga za mwana amene anavomera kupita kumunda koma osapita, ine n'kuyang'ana mwana wanga n'kunena kuti, "Wamva?" Sabata yotsatira anati mutu ukumupweteka. Mwana akazindikira kuti pamkeka paja ndi pabwalo la milandu, mtima amautseka, ndipo kuutsegulanso kumatenga nthawi. Kholo liyambe ndi kunena chimene mawuwo alidzudzula ilo. Choopsa china ndi ndime zovuta, monga Marko 10 pa za kusudzulana, m'nyumba imene bambo anachoka. Werengani nokha kaye ana asanakhale pansi, ndipo musachite manyazi kunena kuti, "Ili tikafunse abambo mfumu." Kuyankha zopeka n'koipa kuposa kuvomera kuti funso lakukulirani.

2. Kukambirana pobwera ku Misa

Njira iyi ndi yoyenda nayo pamsewu kapena yokambira pa chakudya chamasana. Mafunso awiri akwana: wamva chiyani, ndipo tichitepo chiyani?

Mtengo: Palibe ngakhale tambala.

Kupezeka: Paliponse pamene anthu amasonkhana Lamulungu. Ngakhale kunthambi kumene wansembe amafika mwa apo ndi apo, akatekisiti kapena atsogoleri a mapemphero amawerenga Mthenga Wabwino womwewo umene ukuwerengedwa ku Maula kapena ku Limbe. Njirayi siifunanso munthu wodziwa kuwerenga pakhomo.

Kusamalira: Imaoneka yophweka koma imatha msanga. Misa ikatalika ndi zolengeza, ana amatuluka ndi njala, amayi atsalira msonkhano wa bungwe, abambo apita kukaonera mpira, ndipo banja limafika kunyumba m'magulu atatu. Imakhalitsa pokhapokha mwaimangirira ku chinthu chosasuntha, monga kuti nsima ya Lamulungu sitiyamba kudya aliyense asananene liwu limodzi limene wabwera nalo.

Zoopsa: Kukambirana kumaterereka n'kukhala kuweruza ulaliki: anatalikitsa, anabwereza za mtulo, sanakonzekere. Ana amatola msanga kuti kutchalitchi timapita kukapereka malikisi kwa wansembe. Komanso mukudalira zimene mwakumbukira, ndipo ngati zokuzira mawu zinali kulira kapena khanda linavuta, mulibe pogwira.

3. Mphakati kapena limana

Miphakati si ya dzulo. Maepiskopi a AMECEA, bungwe la maepiskopi a maiko a kum'mawa kwa Africa, anaikambirana mu 1973, n'kuiika patsogolo pa ntchito zonse za utumiki mu 1976, ndipo kuno kwathu Ambuye Patrick Kalilombe anailimbikitsa kwambiri mu dayosizi ya Lilongwe m'zaka zomwezo. Makolo ambiri akafunsidwa za kugawana Mawu amayankha kuti, "Timapita kumphakati," ndipo ndi yankho labwino, koma liyezedwe.

Mtengo: Kulowa n'kwaulere, koma aliyense amene anakhalapo amadziwa za zopereka: ya chitukuko, ya maliro, ya masika, ya sabata yathu yokatumikira kuparishi. Ikafika nthawi yolandira mphakati pakhomo panu pamafunikanso mipando ndi kukonza pabwalo. Nthawi ndi maola awiri kapena kuposa.

Kupezeka: Pafupifupi parishi iliyonse m'madayosizi onse 8 ili ndi miphakati, m'tauni ndi kumudzi komwe, ndipo amapemphera m'chiyankhulo cha anthu a pamalopo.

Kusamalira: Apa ndi pamene mphakati umaposa njira zina zonse. Suli paphewa panu nokha. Mukafooka anzanu amabwera kudzakuonani, ndipo tsiku ndi ola n'zodziwika. Mutu umodzi susenza denga, ndipo kholo limene langoyamba kumene limaphunzira kumeneko kutsogolera kugawana Mawu poona ena.

Zoopsa: Mwa misonkhano yambiri imene ndakhalapo, Mawu amatenga mphindi 15, ndalama ndi ndondomeko yosesa tchalitchi zimatenga ola. Ana amakhala kuseri akusewera, kapena amakhala phee kutsogolo, chifukwa mwana woleredwa bwino sayankhula pamaso pa akuluakulu 30. Abambo nawo ndi osowa m'miphakati yambiri, ndiye mwana wamwamuna amakula akuganiza kuti Baibulo ndi la amayi. Ndiponso pali zinthu za m'nyumba zimene simunganene pagulu la anansi. Mwana amene akuvutika kukhululukira m'bale wake sadzazinena kumphakati. Angazinene pamkeka wa kwawo. Mphakati umadyetsa kholo, koma sulowa m'malo mwa pakhomo.

4. Wailesi ndi wailesi yakanema

Radio Maria Malawi, imene inayamba mu 1999 ku Mangochi, imamveka m'madera ambiri. Palinso Radio Alinafe ku Lilongwe, Radio Tigabane ku Mzuzu, Tuntufye FM ku Karonga, ndi Luntha TV ya ku Balaka.

Mtengo: Wailesi yaing'ono ndi mabatire, kapena ya sola. Komanso mafoni ambiri a mabatani ali ndi FM yosafuna bandulo. Kanema amafuna magetsi ndi zolumikizira. Radio Maria imayenda ndi zopereka za omvera, n'chifukwa chake mumamva za Mariatona, masiku osonkhetsa thandizo la wailesiyi, koma palibe amene amakukakamizani.

Kupezeka: Kwabwino, kupatula m'zigwa ndi kuseri kwa mapiri kumene siginolo imavuta. Kwa agogo amene maso anafooka, kapena kholo losadziwa kuwerenga, iyi ndiyo njira yolowetsera Mawu m'nyumba popanda kupempha munthu.

Kusamalira: Nthawi ya pulogalamu amaika ndi a wailesi, osati inu. Ikagundana ndi nthawi yophika kapena yotunga madzi, yapita. Muyenera kudziwa ola lake n'kulisunga.

Zoopsa: Wailesi imalankhula, siyimva. Imasanduka phokoso la kumbuyo pamene wina akusenda mbatata, wina akulemba homuweki. Kuti ikhale ya banja, pafunika kulimba mtima n'kuitseka Mthenga Wabwino ukangotha kapena ulaliki ukatha, kenako n'kufunsana. Mukapanda kutero mwangomvera limodzi, simunagawane. Ndionjezere kuti Misa ya pa wailesi ndi ya odwala ndi olephera kuyenda. Ana asazolowere kuti imalowa m'malo mopita kutchalitchi.

5. Foni: magulu a WhatsApp ndi ma app

Maparishi ndi mabungwe ambiri tsopano ali ndi magulu a WhatsApp kumene wina amatumiza mawerengo ndi kaulaliki kam'mawa. Pali ma app aulere monga Laudate ndi iBreviary amene amaonetsa mawerengo a tsiku, ena monga Hallow amene zambiri zake n'zolipira, ndi YouVersion imene ili ndi Baibulo la Chichewa lotheka kulisunga m'foni.

Mtengo: Foni yamakono, bandulo ndi kutchaja. Bandulo ya WhatsApp yokha ndi yotsikirapo, koma mavidiyo ndi maulaliki ojambulidwa amadya msanga. Ndi ndalama yotuluka mwezi ndi mwezi, kusiyana ndi buku.

Kupezeka: M'tauni n'kosavuta. Koma ma app a mawerengo a tsiku ambiri ali m'Chingerezi, ndipo mwana wa Sitandade 2 sapindula nawo. Phindu lawo lenileni ndi kukuuzani mutu ndi ndime mwachangu, inu n'kukatsegula m'Chichewa. Chenjerani ndi kalendala: zikondwerero zina, monga cha Epifania ndi cha Thupi ndi Magazi a Ambuye, kuno timachita Lamulungu pamene maiko ena amachita mkati mwa sabata, ndiye app yotsata kalendala ya kwina ikhoza kukupatsani Mthenga wosiyana ndi umene mukamve kuparishi.

Kusamalira: Foni imafuna moto, malo osungira zinthu ndi munthu wokhulupirika wotumiza. Gulu lina limene ndinalimo linayamba bwino, koma amene ankatumiza atasamuka, munangotsala zithunzi za maluwa ndi mauthenga a maliro.

Zoopsa: Ziwiri. Choyamba, foni ili ndi makomo ambiri. Mukuwerenga Luka, uthenga wa kuntchito walowa, maso apita, ndipo ana aona kuti Mawu a Mulungu amadikira. Ngati mukuwerengera pafoni, tsekani data kaye. Chachiwiri ndi mauthenga opanda mwini: maulosi, zozizwitsa, ndi aja oti "tumizani kwa anthu 10 kuti mudalitsike." Ena amabwera ndi chithunzi cha Amayi Maria koma chiphunzitso chake si cha Mpingo. Chimene chilibe dzina la wansembe, parishi kapena dayosizi yodziwika, musachiwerengere ana.

Mwina wina afunsa za kolona. Mabanja ambiri amapemphera kolona, makamaka mu Meyi ndi Okutobala, ndipo zinsinsi zake ndi Mthenga Wabwino womwewo. Sindinaiike pamndandanda chifukwa siyenda ndi mawerengo a sabata. Ngati banja lanu lili kale ndi chizolowezi cha kolona, musachigwetse; ingowerengani Mthenga wa mawa musanayambe kolona ya Loweruka, mwapeza kale nthawi ndi malo.

Iti ya banja liti

Ngati muli ndi ana a pulayimale ndipo m'nyumba muli wodziwa kuwerenga, tengani njira yoyamba, foni kapena akatekisiti azingokuuzani ndime. M'mera m'poyamba: pa msinkhu umenewu ana sachita manyazi kufunsa, ndipo chizolowezi chimagwira.

Ngati ana ndi osakwana zaka 6, musawawerengere ndime yonse. Werengani nokha, muwafotokozere ngati nthano, achite sewero la Zakeyo ali mumtengo, basi.

Achinyamata a sekondale amathawa chilichonse chooneka ngati kalasi. Kwa iwo kukambirana poyenda kuchokera ku Misa kumagwira bwino kuposa mkeka, chifukwa simuyang'anana m'maso. Apatseninso udindo wofufuza mawerengo pafoni, ndipo akatsutsa musadabwe. Amene akutsutsa ndiye kuti wamva. Amene ali kusukulu yogonera, mugwirizane kuti patchuthi adzatsogolera ndi iwo.

Agogo olera adzukulu kumudzi, opanda Baibulo kapena maso owerengera, wailesi ndi mphakati ndizo zanu. Mdzukulu akafika Sitandade 4, bwerekani Baibulo kumphakati aziwerengera nyumba yonse.

Kholo limene lili lokha, kapena limene langobwerera kumene mu Mpingo ndipo likuopa kutsogolera, liyambire kumphakati miyezi ingapo, lione mmene anzake amachitira, kenako litengere kunyumba.

Banja limene bambo ndi a CCAP kapena a Anglican, mayi ndi Mkatolika, njira yoyamba ndiyo yosakanganitsa, chifukwa Mateyu ndi wa nonse. Gwiritsani Buku Loyera limene mipingo inamasulira pamodzi, ndipo musasandutse mphindi 20 zimenezo bwalo lotsutsana za mipingo.

Anamwino, alonda ndi ena ogwira ntchito usiku asaumirire Loweruka. Sankhani tsiku limene nonse mumagona pakhomo, ngakhale Lachitatu, n'kuwerenga Mthenga wa Lamulungu likudzalo.

Ndipo ngati bambo ali ku Joni kapena mayi ali ku UK, apa ndi pamene foni imaposa zonse. Mthenga Wabwino umene ukawerengedwe ku Johannesburg kapena ku Leeds nthawi zambiri ndi womwewo wa ku Zomba. Amene ali kutali ajambule mawu ake akuwerenga m'Chichewa, atumize Loweruka masana. Madzulo ana amvetsere ali pamkeka, aliyense ajambule liwu limene lamukhudza, n'kubweza foni isanathe moto.